Ndinasunga Zithunzi za Eni

8 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mng'ono wanga ndi mdzukulu wanu Kamafunso. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandilandira tsiku lomwe ndinafika, koma chayamba kundisiya. Ndikulemba papepala monga munalamulira, poti pafoni makutu anu amatola theka, theka linalo n'kudzipekera nokha. Ndizijambula kalatayo n'kutumiza pafoni ya mng'ono wanga, inu muziwerenga ndi magalasi anu aja omanga ndi waya.

Chipinda ndapeza, pansanjika yachitatu, pamwamba pa shopu yokonza nsapato. Ndi kachipinda koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, koma mtengo wake, mayo ine, ungaganize kuti akugulitsa nyumba yonse. Mpopi wa m'bafa umadontha. Ndinaumanga ndekha ndi sipanala yobwereka kwa wansapato, ndipo mkuluyo anandiyang'ana ngati waona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala. Ndinamuuza kuti ndine mwana wa pulambala, bambo anga anakwawa pansi pa masinki a anthu zaka makumi atatu.

Tsopano za ntchito, poti munati ndikufotokozereni m'chilankhulo cha anthu. Kampani yathu ndi yaing'ono, tilipo khumi ndi awiri m'chipinda chimodzi chachitali, mawindo mbali imodzi, ketulo pakona. Zipatala zikajambula odwala m'kati mwa thupi, kaya mafupa, mapapo kapena mutu, zithunzizo sazitsukanso papulasitiki wakuda uja. Amazisunga kumalo omwe kuno amati kilaudi, ndiye kuti mtambo. Musayang'ane kumwamba, Bambo, si mtambo wa mvula ayi. Ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, za eni ake, kutali komwe ngakhale abwana athu sanapondeko. Dokotala akafuna kuona chithunzi amatsegula tsamba lathu pa intaneti. Ife timayamba taona ngati ali ndi chilolezo choona za wodwala ameneyo, kenako timakatenga chithunzicho kumtamboko n'kumupatsa. Kompyuta yathu yochita zimenezi imatchedwa seva. Ine andipatsa ntchito yolemba pulogalamu yatsopano yotenga ndi kupereka, chifukwa yakaleyo imalephera kunyamula zithunzi zamakono zazikuluzikulu.

Mwini kampani ndamupatsa dzina loti Bwana Changu. Amadya ataimirira, amayankha funso usanamalize kufunsa, koma mtima ali nawo. Ndiye pali mayi wina wamkulu, waimvi, amene amawerenga chilichonse chomwe ife talemba chisanayambe kugwira ntchito. Ameneyo ndi Mayi Bwerezanso. Sabata yoyamba yokha andibwezera ntchito kasanu. Sakalipa, amangoloza mzere ndi pensulo n'kunena kuti, "Bwerezanso." Ndimatuluka thukuta akangokoka mpando kukhala pambali panga.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Ndili pa miyezi itatu yoyesedwa, mpaka pa 30 Epulo. Akakhutira nane andipatsa kontirakiti ya zaka ziwiri, ndipo ndi pepala limenelo boma la kuno limalola kuti mwana abwere kudzakhala nane. Akapanda kukhutira, chilolezo changa chokhalira kuno chithera tsiku lomwelo, ndibwerera ndi sutikesi yomweyi. Kamafunso wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ine ndili m'basi. Sindikufuna za chisanu ndi chiwiri zimupezenso ndili kutali.

Mankhwala a bondo muzimwa mutadya, osati mongokumbukira. Mwana nsapato zamuthina, mng'ono wanga amugulire zokulirapo pang'ono. Bambo ake aja akatulukira pakhomo musatsegule nawo nkhani, mungoti ndili kuntchito.

Zikomo pondisungira mwana, Bambo. Ndilibe mawu okwana.

Ndine,
Mwana wanu woyamba.


7 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti bondo latsika kutupa, ndathokoza Mulungu. Ine ndili bwino kwambiri, chimfine chinathawa, ndipo ndayamba kunenepa ndi buledi wa kuno. Chithunzi chomwe Kamafunso anajambula chafika. Mumufunse chifukwa chake wandipatsa miyendo itatu.

Lero ndikulemba ndi mtima woyera mbee. Pulogalamu ija ndamaliza, ndipo yayamba kugwira ntchito Lachiwiri lapitali! Madokotala a zipatala makumi awiri ndi chimodzi akuona zithunzi kudzera m'manja mwa mwana wanu. Mutha kuuza anzanu a pabenchi paja, koma musawonjezere, ndimakudziwani.

Mayi Bwerezanso sanaiwerenge. Atenga tchuthi chachitali, amuna awo sakupeza bwino. Bwana Changu ndiye anaiyang'ana, mphindi zitatu zokha, ataimirira, kapu ya tiyi kumanja. Anayesa kutsegula zithunzi ziwiri, zinatseguka, n'kunena kuti, "Zili bwino, chemwali, iponyeni." Ndisaname, ndinapuma. Ndinkaopa pensulo ija.

Ndikuuzeni kanzeru komwe ndinaikamo, poti n'kochokera kwa inu. Mukukumbukira lamulo la pakhomo pathu? Madzi akabwera pampopi, tunga m'chilichonse chokhala ndi kukamwa, migolo, ndowa, mapoto, ngakhale ketulo, chifukwa sudziwa kuti abweranso liti. Kukoleji kunalinso chimodzimodzi. Netiweki ikangobwera tinkakopera mabuku onse, ofunika ndi osafunika omwe, isanathawe. Ndiye pulogalamu yanga imachita chomwecho. Dokotala akapempha chithunzi, seva imayamba yachikoka chonse kumtambo n'kuchiika m'nkhokwe yake, yomwe timati disiki. Chikakwana, ndiye imamupatsa. Ikamupatsa sichifufuta ayi, imachisunga. Tsiku lina njira ya kumtambo ikadzaduka, anzanga adzagwira njakata, ine n'kungoti, "Musadandaule, zonse ndili nazo." Sindinauze munthu. Ndikufuna adzaone okha kuti sanalembe ntchito chitsiru.

Dzulo ndinadutsa pasukulu ina yapafupi ndi kuno, ya mpanda wobiriwira. Ndinaima pageti nthawi yoweruka, kumangoona ana akuthamangira amayi awo. Mlonda anandifunsa kuti wanga ndi uti. Ndinati akubwera.

Denga la kukhitchini musakwerepo nokha, chonde. Ndikudziwa mukuwerenga uku mukuseka, makwerero mwawatsamiritsa kale. Itanani munthu. Mng'ono wanga, poti nawenso ukuwerenga, akakwera undiuze.

Wanu wokondwa,
Mwana wanu.


31 Malichi

Bambo,

Moni. Ndili moyo, thupi lili bwino, musade nkhawa. Ndikhulupirira nanunso muli bwino ndi ana.

Pepani kuti Lolemba sindinaimbe foni monga ndinalonjezera mwana. Kuntchito kwatentha pang'ono. Sindinganene zambiri panopa, mutu sukugwira. Zija ndinati muuze anzanu a pabenchi, ngati simunawauze, zisiyeni kaye.

Sutikesi yomwe mng'ono wanga amati agulire Kamafunso ayambe wadikira. Chipinda changa chakale chija musachipereke kwa wa lendi amene munanena uja, chikhale chomwecho mpaka ndikuuzeni.

Kwa eni kulibe mkuwe, Bambo, munkanena zoona. Mundipempherere.

Mwana wanu.


5 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ndili bwino, ndayambanso kudya. Kalata yanu ya mizere itatu ndinailandira. Mwati, "Usatibisire, madzi akafika m'khosi umanena." Anafikadi m'khosi. Mverani.

Lolemba lija, cha m'ma 8 koloko m'mawa, mafoni onse a muofesi analira nthawi imodzi. Palibe dokotala ngakhale mmodzi amene amatha kutsegula chithunzi. Seva inali itaima njii. Bwana Changu amangozungulira chipinda, foni kukhutu lililonse, akupepesa anthu. Anzanga amafufuza uku ndi uku. Ine sindinafufuze nawo, chifukwa mtima unali utandiuza kale.

Cha m'ma 11 anatulukira Mayi Bwerezanso, atavala patapata, maso ofiira. Bwana anali atawaitana ali patchuthi. Sanapereke moni. Anakhala pakompyuta, ndipo mphindi khumi zisanathe anandikodola.

"Khala apa. Izi wasunga ndiwe?"

Bambo, zinali zithunzi zikwi makumi anayi. Disiki inali itadzaza mpaka pakamwa, seva inasowa ngakhale pokanda chilembo chimodzi, ndiye inangofa.

"Ndine, Mayi."

"Anakutuma ndani?"

"Palibe. Ndimaopa kuti netiweki ikaduka tidzasowa chopereka."

Anandifunsa kuti, "Kwanu imadukaduka?"

"Tsiku lililonse, Mayi."

"Ndamva. Koma awa ndi mapapo a anthu, mwana wanga, si ako. Lamulo limati zithunzi zikhale kumtambo kokha, komwe n'zokhomedwa. Apa wakuba akanalowa, akanaona matenda a anthu zikwi makumi anayi."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Anandikankhira kiyibodi n'kunena kuti ndifufute ndi dzanja langa. Moyo wanga wonse sindinatayepo ngakhale botolo lopanda kanthu, inu ndinu mboni. Ndinadina, zonse zinapita, ndipo seva inadzuka itagona maola anayi.

Madzulo ake ndinayamba kulongedza za mudilowa yanga. Mayi aja anandipeza ndikukulunga kapu yanga m'pepala. Anati, "Ukupita kuti? Bambo ako amagwira ntchito yanji?" Nditawauza kuti ndinu pulambala anaseka, koyamba chifikireni ine. "Ha! Mwana wa pulambala n'kumanga thanki pamalo pofunika paipi?"

Anatenga pensulo ija n'kundijambulira. Chithunzi sichifunika kufika chonse kuti uyambe kupereka. Chimabwera m'tizidutswa ting'onoting'ono. Kachidutswa kakafika, seva ikapatsire dokotala nthawi yomweyo n'kukaiwala, kenako ilandire kena. M'manja mwake muzikhala kachidutswa kamodzi basi, disiki osaikhudza n'komwe. Dokotalanso sadikira kuti mgolo udzaze, amayamba kulandira pompopompo. Ndinachita manyazi kuti chinthu choterechi ndinakulira nacho m'nyumba.

Kampani imayenera kulembera zipatala kufotokoza chomwe chinachitika. Bwana Changu anafuna kulemba kuti wantchito watsopano analakwitsa ndipo achotsedwa. Mayi Bwerezanso anakana pamaso pa tonse. Anati, "Wawerenga ntchito ya mwanayu mphindi zingati? Ukalemba dzina lake, ulembenso lako." Bwana anakhala pansi, Bambo, ndinaona ndi maso angawa. Kalata inapita yopanda dzina la munthu, yongoti ntchito inadutsa osawerengedwa mokwanira.

Koma sindinapulumuke. Pakadali pano aikapo chigamba, pulogalamu yanga yomweyo koma yofufuta ikangopereka. Ikuyenda mokwawa ndipo madokotala akudandaula. Andiuza kuti ndilembe yatsopano, yapaipi. Zipatala zati ziikhulupirira ikayenda masiku asanu ndi awiri osaphonya, ndipo Bwana wati masiku amenewo akapanda kukwana pofika pa 30 Epulo, sasaina kontirakiti. Sindikumuda, akanatha kundithamangitsa Lolemba lomwelo.

Musadziimbe mlandu chifukwa cha migolo ija. Inatilera. Kungoti ndinainyamula kupita nayo kolakwika.

Mwana musamuuze chilichonse. Mupsompsoneni m'malo mwanga.

Ndine,
Mwana wanu wamanyazi.


12 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, mng'ono wanga ndi Kamafunso. Ndamva kuti dzino lakutsogolo lachoka, alijambule ndione. Ine ndili bwino, kungoti msana ukuwawa ndi mpando.

Mayi Bwerezanso amabwera m'mawa uliwonse maola awiri, tchuthi chawo chisanathe n'komwe, kenako n'kupita kuchipatala kwa amuna awo. Sabata ino andibwezera ntchito katatu.

Koyamba ndinalemba yosakhudza disiki, ndinanyadira. Iwo anaiyesa ndi madokotala ongopeka makumi asanu, onse kupempha nthawi imodzi. Seva inakomoka. Kani ndinali ndikuunjika tizidutswa tonse m'mutu mwa seva, momwe amati memole, kudikira kuti chithunzi chikwane. Anati, "Wangosamutsa mgolo kuuchotsa pakhonde kuulowetsa kuchipinda. Bwerezanso." Khalidwe silichoka ndi sopo, Bambo.

Kachiwiri tizidutswa timadutsa bwino, koma vuto linabuka pena. Mtambo umathira mwamphamvu, pomwe dokotala wa chipatala chakutali, wa netiweki yofooka, amamwa pang'onopang'ono. Zotsalazo zimaunjikana pakati mpaka seva kubanika. Ndinakhala masiku awiri ndikukanda mutu. Ndiye kalata yanu inafika. Ine ndinangodandaula pafoni kwa mng'ono wanga, osadziwa kuti makutu aja amamva akafuna! Mwalemba kuti, "Paipi yaikulu ikamathira mu yaing'ono pamafunika valuvu yochepetsa madzi, apo ayi pajointi paphulika. Wakumunsi ndiye amalamula, osati wakumtunda." Ndinawerengera Mayi aja. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo akowa tiwalembe ntchito." Tsopano seva siipempha kachidutswa kena mpaka koyamba katachoka m'manja mwake. Dokotala akatseka tsamba pakati, nayonso imatseka mpopi wa kumtambo, osasiya ukuthira pachabe.

Kachitatu ndinawafunsa funso lomwe limandidya, loti nanga ikaduka pakati? Anati mantha angawo si opusa, kungoti mankhwala ake si kusunga. Tisanayambe kuthira, timauza kompyuta ya dokotala kukula kwa chithunzi chonse. Chikafika choperewera imadziwa, ndipo siimuonetsa theka la mapapo ngati athunthu. Netiweki ikabwerera imangopempha kuyambira pomwe panadukira. Ndinagona tulo tabwino tsiku limenelo.

Koma pali china chomwe chandikhala pamtima ngati mwala. Lachisanu ndinapeza Bwana Changu pa ketulo. Ndinati Mayi aja ndi munthu wabwino. Iye, poti pakamwa pake sipadikira, anati, "Wabwino? Chemwali, kodi simukudziwa? Lolemba lija amuna awo anali atawakonzera kale opaleshoni ya m'mutu. Dokotala anafuna kuonanso chithunzi asanayambe, sichinatseguke. Anawabweza kuwodi, malo awo anapatsa wina, anadikira masiku ena asanu ndi atatu."

Bambo, ndinakhala pansi pomwepo pafupi ndi bini. Ndiye kuti patapata uja, maso ofiira aja, amachokera pakhomo la chipinda cha opaleshoni. Anabwera kudzapeza amene wawachita zimenezi, anamupeza, n'kumufunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji.

Mawa lake ndinawadikira pamasitepe. Ndinayamba kupepesa, misozi ili chuchuchu. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Opaleshoni inachitika Lachiwiri, akupuma. Misozi siikonza pulogalamu. Tiye, mzere wa makumi asanu ndi limodzi uli ndi vuto." Munthu wotere umamuthokoza bwanji? Ndiuzeni inu, ine nzeru zandithera.

Denga mwati mwaitana munthu. Mng'ono wanga wati munthuyo ndinu nomwe. Tidzakambirana.

Wanu,
Mwana wa pulambala.


21 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni nonse, ndili bwino. Ndikulemba nthawi yopuma masana, padesiki, ndiye ikhala yaifupi.

Pulogalamu yatha. Aiyesa ndi madokotala ongopeka mazana asanu, ena a netiweki yofooka, ena otseka tsamba pakati, ena oduka n'kubwerera. Yapirira zonse, ndipo padisiki sipanagwe kanthu. Chatsala n'kuilumikiza ku zipatala zenizeni. Kuti masiku asanu ndi awiri akwane pofika pa 30, iyenera kuyamba mkuja, Lachinayi m'mawa. Ikachedwa ndi tsiku limodzi, kwanga kwatha.

Lero pamsonkhano Bwana Changu anayang'ana kalendala n'kukhosomola. Anati, "Mayi, Lachinayi si tsiku lomwe akujambulanso bambo akunyumba kwanu?" Ndi zoona. Akufuna aone ngati opaleshoni inachotsa zonse, ndipo madokotala atatu adzakumana 9 koloko kuti aone chithunzicho n'kugamula chochita. Bwana anati, "Tidikire Lachisanu. Chigamba chija n'chochedwa, koma tikuchidziwa. Sindikufuna tikulakwireni kawiri."

Aliyense m'chipindamo amadziwa tanthauzo la Lachisanu kwa ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, chifukwa ndinalibe nkhope yokanira. Mayi Bwerezanso anandiyang'ana kuti nditseke.

Anati, "Lachinayi. Ndawerenga mzere uliwonse katatu. Chithunzi cha mwamuna wanga chidutse m'paipi ya mwanayu."

Bwana anafunsanso kawiri, yankho linali lomwelo.

Bambo, ndikuopa kuposa tsiku lija ndinabereka. Akanandikalipira zikanandipepukira. Lachinayi 9 koloko, kulikonse komwe mudzakhale, muime kaye mutikumbukire, ine ndi bambo amenewo.

Mwana wanu.


30 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, mng'ono wanga ndi mwana wanga. Pepani pokhala chete sabata yonse, ndinkaopa kulankhula zinthu zisanapse. Thupi lili bwino, ngakhale siketi yayamba kukhwepa.

Lachinayi lija tinalumikiza 7 koloko m'mawa. Mayi Bwerezanso kunalibe, anali kuchipatala. Ine ndinakhala kutsogolo kwa sikirini yomwe imaonetsa mzere umodzi pa chithunzi chilichonse chodutsa. Mzerewo sunena dzina la wodwala, umangonena nthawi, kukula kwa chithunzi, ndi kuti chafika chonse kapena ayi. Mizere inayamba kutsika, wafika, wafika, wafika. Bwana Changu anaima kumbuyo kwanga osayenda, tiyi mpaka kuzizira m'kapu.

Itakwana 9 koloko ndinasendeza mpando pafupi ndi sikirini. Pa mphindi khumi zotsatira panadutsa zithunzi makumi atatu ndi chimodzi. Chimodzi chachikulu chinaduka pakati. Ndisanaimirire n'komwe, mzere wina unabwera, chapempha kuyambira pomwe chinadukira, chafika chonse. Kaya chinali chawo kaya cha wina, sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Ndinayang'ana padisiki, panali poyera.

Itadutsa 9 koloko ndi mphindi khumi ndi zinayi foni yanga inanjenjemera. Uthenga wa Mayi aja unali wa liwu limodzi: "Chatseguka." Ndinathamangira kubafa kukalira, ndipo Bwana anauza anzanga kuti andisiye.

Masiku asanu ndi awiri akwana lero m'mawa popanda kuphonya. Madokotala a zipatala zakutali, omwe ankadikira mphindi zisanu, akuti chithunzi chikuyamba kuoneka asanachotse dzanja pa mausi.

Kontirakiti imafuna masaini awiri, ya Bwana ndi ya amene amayang'anira ntchito yanga. Mayi Bwerezanso sanaoneke sabata yonseyi, ndiye Bwana anati atumiza pepalalo kuchipatala ndi galimoto. Tikukambirana choncho, chitseko chinatseguka. Anali iwo, ataonda, jekete lili pamkono. Anati zoterezi satumizirana.

Ndinawakokera mpando. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, nanga chithunzi chija?"

Anati, "Chinatseguka bwinobwino, mwana wanga. Chinaonetsa zonse."

M'mawu awo ndinamva kuti zomwe chinaonetsazo sizinali zabwino. Anawerenga kontirakiti yonse, masamba asanu ndi limodzi, pensulo ili m'manja. Kenako anapempha cholembera changa n'kusaina pansi pa dzina langa. Anandifunsa zaka za mwana, ndinawauza. Anati, "Usachedwe kukamutenga. Moyo sudikira munthu." Anavala jekete n'kubwerera kuchipatala.

Bambo, pepala lili apa patebulo, ndalitsamiritsa ndi mbale kuti lisauluke. Ndikusangalala, ndipo ndikulira, zonse pakamodzi. Mukamapemphera muzitchula bambo amenewo. Dzina lawo sindilidziwa, koma Mulungu akudziwa bedi lomwe agona.

Lolemba ndikapereka mapepala a mwana ku ofesi ya boma. Akuti zimatenga masabata atatu, ndiye ndibwera ndekha kudzamutenga, ndidzakhala nanu masiku anayi. Ndikudziwa kuti m'nyumba mudzachita zii akachoka, ndipo simudzanena. Zikomo, Bambo, pa zonse.

Muitaneni, mumukhazike pamwendo wabwinowo, mumuuze nokha kuti amayi ake akubwera. Ine ndikaimba foni ndingolira, mwana angaganize kuti ndi uthenga woipa.

Ndine wanu nthawi zonse,
Mayi ake a Kamafunso.